Madontho a Lachisanu

Shamila anasintha mtundu wa madontho aja kachitatu, kenaka anakankhira mpando wake m'mbuyo kuti aone ngati chithunzicho chikuwerengeka munthu ali patali. Obiriwira oyamba aja anali owala ngati maswiti, achiwiri anada kwambiri moti sankasiyana ndi anzawo. Achitatuwa ndiwo anamukhalira bwino. Panja, pabwalo la depoti, malole anali kulira, anthu akukweza makatoni a sopo ndi zigubu za mafuta ophikira, ndipo fumbi la ku Limbe linali litayamba kale kutera pa kompyuta yake ngakhale anali ataipukuta m'mawa womwewo.

Kampaniyo inkagawa katundu m'magolosale a mu Blantyre monse, ndipo inali ndi madalaivala asanu ndi anayi. Mmodzi mwa iwo anali Che Alidi, bambo ake a Shamila, amene anayamba kuyendetsa lole ya pamenepo mwana wawoyo asanabadwe. Anthu ena atagula kampaniyo anabwera ndi manijala wawo, a Dalton, munthu wosakalipa koma wokhulupirira pepala kuposa pakamwa pa munthu. A Dalton ananeneratu poyera kuti lole imodzi ikugulitsidwa, ndiye dalaivala mmodzi achoka, ndipo wochokayo asankhidwa ndi manambala, osati nkhope. Ntchito yosandutsa manambalawo kukhala chithunzi inagwera Shamila, popeza pa ofesi yonseyo ndiye ankaidziwa bwino pulogalamu ya pakompyuta yojambulira manambala yotchedwa R.

Chithunzi chimene anakonza chinali cha mabokosi a ndevu. Dalaivala aliyense anali ndi bokosi lake loimirira. M'bokosimo munali theka la maulendo ake a miyezi isanu ndi umodzi, apakatikati aja, ndipo mzere wodula bokosilo unkasonyeza mphindi zimene munthuyo amachedwa nazo pa tsiku wamba. Kumwamba ndi kunsi kwa bokosi kunatuluka timizere tiwiri, ndevuzo, tofikira maulendo otsalawo. Ulendo wopitirira anzake kwambiri, umene ndevu sizinaufike, pulogalamuyo inkauika paokha ngati dontho.

Bokosi la Che Alidi linali lalifupi kuposa onse, lili pansi penipeni, chifukwa mdalayo ankabwerako pa nthawi yake tsiku ndi tsiku. Koma pamwamba pake, kutali ndi ndevu, panaunjikana madontho makumi awiri ndi anayi, onse a ola limodzi ndi kota. Shamila sanafunikire kufunsa kompyuta kuti madonthowo ndi a chiyani. Lachisanu lililonse masana bambo ake ankaimika lole pafupi ndi mzikiti wa m'tauni, n'kusamba m'manja ndi m'mapazi, n'kuvala chipewa chawo choyera, n'kulowa kukaswali. Anagwirizana zimenezi ndi malemu a Fahim, mwini kampani woyamba, zaka zoposa makumi awiri zapitazo, ndipo ola limenelo ankalibweza pofika kuntchito kusanache Lachisanu lililonse. Madalaivala analibe nthawi yoikika ya nkhomaliro, ankadya katundu akukwezedwa, ndiye panalibe mpata wina woti munthu n'kupitira kumzikiti. Pangano lonseli linali la pakamwa. Pepala la maulendo silinkafunsa nthawi imene munthu wafika pageti, linkangofuna kudziwa nthawi imene lole yatuluka ndi imene yabwerako.

N'chifukwa chake Shamila anapaka madontho a Lachisanu utoto wobiriwira, n'kulemba pansi pa chithunzi kuti obiriwirawo ndi nthawi ya swala imene kampani inaloleza kalekale. M'malo mwa maina a madalaivala anaika manambala, kuti abwana ayambe aweruza mabokosi asanadziwe eni ake. Sanachotse ulendo ndi umodzi womwe. Ankaudziwa mzere wa malamulo umene munthu akaulemba m'pulogalamuyo madontho onse amabisala, ndipo mtima unamuuzako kamodzi kuti aulembe, koma anausiya. Ankafuna kuti a Dalton aone zonse, koma amvetsenso zimene akuonazo.

"Ukadali pa ndevu zakozo?" anafunsa Pearson, akumuikira chitumbuwa chokulunga m'pepala pafupi ndi dzanja lake.

Pearson anali mkulu wake mu ofesimo ngakhale anasiyana zaka ziwiri zokha. Anaphunzira limodzi kukoleji, ndipo ndi iyeyo amene anamutsina khutu kuti pakampanipo pali malo a ukalaliki. Chaka chilichonse ankakadya mpunga wa Idi kwa Che Alidi ku Manja, n'kunyamulanso wina m'kontena. Pamene ankasamukira ku Soche, anali Che Alidi amene anamunyamulira mabedi ndi mipando Lamulungu lina, osalandira ngakhale ya fanta. R yochepa imene Pearson ankaidziwa anamuphunzitsa ndi Shamila yemweyo, masana ambirimbiri, akudya chipisi cha pa chiwaya.

Anawerama n'kuyang'ana chithunzicho nthawi yaitali. Anayamikira utoto, anayamikira malembo, kenaka analoza bokosi lachisanu ndi chimodzi, lalitali ngati chitseko, lokhala ndi mzere wake pa mphindi makumi anayi. Sanafunse kuti ndi la ndani. Onse awiri ankadziwa kuti nambala sikisi ndi Mabvuto, mlamu wake wa Pearson, amuna a mchemwali wake. Chimene anafunsa n'chakuti bwanji bokosi loipa chotero lilibe dontho ndi limodzi lomwe.

Shamila anaseka, chifukwa funso limenelo ndi limene linamusangalatsa iyenso pamene ankaphunzira. Anafotokoza kuti munthu wochedwa tsiku lililonse sakhala ndi madontho, poti kwa iyeyo kuchedwa si chinthu chachilendo. Bokosi lake limangokula, ndevu zake n'kutalika, mpaka kumeza maulendo onse oipa aja. Dontho limagwera munthu amene anazolowera kufika msanga, iyeyo akangochedwa pang'ono pulogalamu imamuloza chala. Anati n'chifukwa chake munthu wosadziwa akangoyang'ana madontho okha akhoza kuchotsa dalaivala wabwino n'kusiya waulesi. Anayankhula zonsezi ndi chisangalalo cha mphunzitsi amene wapeza womumvera, osaona kuti mnzakeyo wasiya kutafuna.

Pearson anati chithunzicho chili bwino kwambiri, changotsala chizindikiro cha kampani pamwamba ndi kuchisindikiza. Makina osindikizira mitundu anali olumikizidwa ku kompyuta yake yokha, ndipo kumsonkhano wa Lolemba kunkalowa iyeyo, makalaliki a kontirakiti ngati Shamila sankaitanidwa. Anamuuza kuti angomutumizira fayilo yonse, ndi mizere ya malamulo yopangira chithunzicho yomwe, kuti ngati malembo atachepa papepala akonze yekha osamuvutitsa. Shamila anatumiza, n'kudya chitumbuwa chija.

Lolemba msonkhano unatenga maola awiri. Utatha, Pearson anatuluka akuyankhula pafoni, n'kupita kubanki ya m'tauni osabwereranso tsiku limenelo. Cha m'ma fili koloko mlonda anakaitana Che Alidi pabwalo. Shamila anawaona kudzera pazenera akulowa mu ofesi ya a Dalton, atavula kapusi. Anatulukamo patapita mphindi khumi zokha, pepala lopinda lili m'manja. Masiku onse akamadutsa pazenera la mwana wawo ankagogoda galasi ndi kiyi ya lole. Tsikuli anadutsa maso ali kutsogolo.

Shamila anawapeza kunyumba dzuwa lisanalowe, atakhala pakhonde, nsapato za kuntchito zikadali kumapazi. Amayi ake anali kuseri, akutsuka mbale zimene zinali zotsuka kale. Shamila anapereka salamu, bambo ake anayankha bwinobwino, kenaka anatambasula pepala lija n'kuliika pa kampando kamene kanali pakati pawo.

Poyamba Shamila sanachizindikire chithunzicho. Mabokosi aja anali atapakidwa utoto wotuwa, wofooka moti munthu ankachita kutsinzina kuti awaone. Bokosi lalitali la Mabvuto linali litakankhidwira kumapeto, kudzanja lamanja, ngati silili m'nkhaniyo. Koyambirira kwenikweni kunali bokosi la bambo ake, ndipo madontho makumi awiri ndi anayi aja anali atakulitsidwa, ofiira piriwiri. Zobiriwira kunalibe. Mawu a swala aja kunalibe. M'malo mwa manambala panali maina, ndipo pamwamba panalembedwa kuti maulendo ochedwa mopitirira muyeso. Palibe nambala imene inasinthidwa, Shamila anaona zimenezo msanga. Chithunzicho sichinkanama pena paliponse pamene munthu akanaloza.

"Ine sukulu sindinapite nayo patali," anatero Che Alidi. "Koma chofiira ndimachidziwa, ndimachiona pa maloboti tsiku lililonse. Dzina langa ndimalidziwa. Nanga ili lili pansipali ndi la ndani?"

Pansi pa pepalalo, m'timalembo tating'ono, panali mzere umodzi wokha umene Pearson sanaukhudze. Unkati chithunzichi wakonza ndi Shamila Alidi.

Anayesa kufotokoza. Ananena za utoto wobiriwira, za manambala, za fayilo imene anatumiza Lachinayi. Mawu ankatuluka mothamangitsana, ndipo iye mwini ankamva kuti akumveka ngati mwana amene waphwanya kapu. Bambo ake anamumvera mpaka kumapeto osamudula. Atatha, anangonena kuti a Dalton awauza kuti pofika kumapeto kwa mwezi adzamva zimene eni kampani aganiza, ndipo pepalalo awapatsa kuti asadzati anawachotsa popanda chifukwa. Ananenanso kuti madalaivala onse aliona, chifukwa lina alimata pachitseko cha sitolo ya padepoti. Ndi Mabvuto amene anawawerengera dzina la pansipo, mokweza, anthu akumva.

"Sindikuti wanama," anatero akudzuka kuti akatunge madzi osamba. "Ndikungoti zaka zonsezi palibe amene anawerengapo Malachisanu anga. Woyamba kuwawerenga ndiwe."

Zinali zoona. Shamila anapinda pepala lija n'kuliika m'chikwama chake.

M'mawa mwake anafika kuntchito mlonda asanamalize kusesa. Pearson anamupeza atakhala pa mpando wake wa Pearsonyo, pepala lofiira lili patebulo. Mnyamatayo sanadzidzimuke. Anapachika jekete, n'kuyamba kunena zimene zinkaoneka kuti waziyeseza njira yonse kuchokera ku Soche. Anati chithunzi cha Shamila chinali chokongola koma cha anthu ophunzira, abwana sakanachimvetsa. Anati iye anangochiyeretsa kuti chofunika chioneke msanga. Anati manambala sanawakhudze, akafuna ayerekeze yekha.

Shamila anamufunsa kuti mawu a swala aja anamulakwira chiyani. Pearson anati pepala linali litadzaza. Anamufunsa kuti nanga bokosi la Mabvuto linapita bwanji kumapeto. Anati anangosanja mabokosi motsatira kuchuluka kwa madontho, monga momwe Shamila yemweyo anamuphunzitsira kusanja. Apa ndiye mtsikanayo anamva kuwawa kwenikweni, chifukwa anakumbukira masana amene anamuphunzitsa mzere umenewo, Pearson akulakwitsa mabulaketi, iye akumuseka.

Ataona kuti zifukwa zamuthera, Pearson anatseka chitseko n'kutsitsa mawu.

"Shami, tiyankhule ngati anthu. Mchemwali wanga ali ndi ana anayi, wachisanu ali m'njira. Mabvuto akachoka pano, onsewo akubwera kwa ine ku Soche, chipinda chimodzi chija. Adala aja akula, nyumba anamanga kale, ndipo ali ndi iwe. Ukanakhala iweyo ukanatani?"

"Ndikanakuuzani," anatero Shamila. Chiyambire kukoleji anali asanamutchulepo kuti inu. "Ndikanabwera n'kukuuzani kuti ndikufuna kupulumutsa mlamu wanga, tiyeni tione chochita. Ndipo ndikanachotsa dzina lanu pansipo."

Pearson anayang'ana pansi, n'kunena kuti za dzinalo anangoiwala. Mwina anaiwaladi. Koma munthu amene anakumbukira kusintha utoto, kukula kwa madontho, mutu, maina ndi kasanjidwe ka mabokosi asanu ndi anayi, n'kuiwala mzere umodzi wokhawo umene unkamubisa iyeyo, ndiye kuti kuiwala kwake n'kwanzeru kuposa kukumbukira kwa anthu ambiri.

Shamila ananyamula laputopu n'kukagogoda kwa a Dalton. Anamulandira mwaulemu, anamupatsa mpando, ndipo anayang'ana chithunzi choyamba chija mofatsa. Sanali munthu wopusa. Atamufunsa mafunso atatu okha anamvetsa za bokosi lalifupi ndi lalitali, ndipo anayendetsa chala pa bokosi la nambala sikisi kuchokera pansi mpaka pamwamba, akugwedeza mutu pang'onopang'ono. Mtima wa Shamila unayamba kukhala pansi.

Kenaka a Dalton anatsamira mpando n'kumuuza kuti chithunzi chobiriwiracho anachimvapo kale. Pearson anawauza msonkhano usanayambe kuti kalaliki wawo, pokhala mwana wa dalaivala, anali atakongoletsa madontho a bambo ake kuti aoneke ngati si kanthu, ndipo iye Pearson anachita kukonza kuti choonadi chioneke. Anawapemphanso kuti asamulange mtsikanayo, poti aliyense akhoza kutero chifukwa cha kholo lake.

Shamila anatseka laputopu yake. Ndiye kuti Pearson sanangomubera chithunzi, anamutsogolera n'kukamutsekera chitseko asanafike, n'kudzionetsanso ngati womupepesera. Anawauza a Dalton kuti Mabvuto ndi mlamu wake wa Pearson. Ankaganiza kuti akangonena zimenezo nkhani yatha.

"Ndiye kuti nonse awiri muli ndi abale pabwalopo," anatero a Dalton. "Wina wandipatsa chofiira, wina chobiriwira, manambala ndi omwewo. Inuyo mukanakhala pa mpando uno mukanakhulupirira cha ndani?"

Anafotokoza kuti chofiiracho anachitumiza kale kwa eni kampani Lolemba lomwelo, ndipo anthu amenewo sanawaonepo a Fahim, pangano lawo ndi Che Alidi salidziwa. Kuti akachibweze, ayenera kulemba kuti ofesi yawo inatulutsa zithunzi ziwiri zotsutsana, ndipo funso loyamba likhala lakuti anakonza ndani. Dzina limene lili papepala ndi limodzi. Anamukumbutsa, mosakweza mawu, kuti kontirakiti yake ikutha mu Seputembala. Komabe anati popeza aona bokosi lalitali lija, sathamangira. Apempha kuti kugulitsa lole kuyembekeze miyezi itatu. Pa miyezi imeneyo madontho a Che Alidi akazimiririka, eni ake sadzakhalanso ndi choloza, ndipo maso adzapita kwa amene bokosi lake lili pamwamba. Akapanda kuzimiririka, iwo sangathe kuteteza bambo, ndipo sakudziwa ngati angathe kuteteza mwana.

Shamila anawafunsa ngati akudziwa chimene akutanthauza akamati madontho azimiririke. Anati akudziwa, ndipo sizikuwasangalatsa, koma lole ikaima ola ndi kota pakati pa tauni katundu ali m'katimo, yaima basi, kaya dontho lake ndi la mtundu wanji.

Anatuluka mu ofesimo ataganiza kale kuti bambo ake sawauza mbali ya kontirakitiyo. Kunyumba anangonena kuti walankhula ndi abwana, amvetsa za chithunzi, ndipo iye alemba kalata yake kwa eni kampani, ngakhale zitamutayitsa ntchito. Ananena motsimikiza, ndipo kalatayo anaiyambadi Lachitatu m'mawa. Che Alidi anangoti amva. Masiku awiri amenewo m'nyumbamo munkamveka wailesi yokha. Amayi ake anachotsa kontena ya Pearson imene inatsala pa Idi yapitayo, n'kuyamba kusungiramo sopo wochapira.

Chimene Shamila sanadziwe n'chakuti Lachitatu lomwelo masana a Dalton anaitananso Che Alidi, n'kuwauza zonse, za miyezi itatu ndi za Seputembala zomwe. Munthu wokonda pepala uja anali atakonzeratu lina, la mizere inayi, lonena kuti lole siidzaimanso panjira pa chifukwa china chilichonse chosakhudza ntchito. Anawapatsa mpaka Lolemba kuti aganize. Che Alidi anapempha cholembera nthawi yomweyo.

Lachisanu linafika ndi kamphepo ka chiperoni. Bambo ake anadzuka kusanache monga mwa masiku onse, ndipo pamene Shamila ankafika kudepoti lole yawo inali itapita kale ku Ndirande. Inabwerako, inakwezanso, n'kutuluka cha m'ma leveni kupita ku Nyambadwe ndi m'tauni. Umenewo ndiwo unali ulendo wa dontho. Shamila anatsegula kalata yake ija n'kupitiriza kulemba. Anali pa tsamba lachiwiri, akufotokoza kusiyana kwa mzere wa pakati ndi madontho m'mawu amene munthu wa ku ofesi yaikulu angamve. Ankadziwa kuti ali ndi nthawi, lole ya bambo ake sinkabwera isanakwane thu koloko.

Nthawi ili teni tu wani anamva kulira kwa injini kumene akanakuzindikira ngakhale ali m'tulo. Anadzutsa mutu. Lole inalowa pageti, inakhota, n'kuima pamalo ake molunjika bwinobwino. Kuchokera kumsika wa Limbe, mphepo inkabweretsa mawu a chimkuzamawu cha kumzikiti, akubwera n'kumapita. Anthu okweza katundu, amene anazolowera kupumula nthawi imeneyo Lachisanu, anadzuka pamakatoni akuyang'anana. Mabvuto, amene lole yake inali isanatuluke n'komwe, anasiya kuseka ndi mlonda.

Che Alidi anatsika pang'onopang'ono. Anali atavala kapusi ya kampani. Sanayang'ane kumene kunkachokera mawu aja. Anatenga pepala la ulendo, anadutsa pabwalo lonselo anthu akuwayang'ana, n'kudzaima pazenera la mwana wawo.

Shamila anatsegula zenera. Anawauza motsitsa mawu kuti sanafunikire kutero, kalata yatsala pang'ono kutha, nthawi ikadalipo, akathamanga akhoza kupeza swala isanayambe. Anati iye ntchito akhoza kukaipeza kwina, ndi wamng'ono. Bambo ake anamuyang'ana kwa nthawi yoyamba chiyambire Lolemba. M'maso mwawo munalibe ukali, ndipo Shamila akanakonda ukanakhalamo.

Anamuuza kuti kalatayo aisiye, iwo asaina kale. Anati anamulipirira sukulu zaka zinayi kuti akhale kuseri kwa zenera limenelo, ndipo sachokapo chifukwa cha iwo. Kenaka anakankhira pepala la ulendo m'kati.

"Lembani, akalaliki," anatero. "Ndisachedwe, katundu wa ku Manja akundidikira."

Anatembenuka n'kubwerera ku lole yawo. Kumbuyo kwa Shamila, Pearson anali ataweramira kompyuta yake, akuchita ngati akuwerenga chinthu chofunika kwambiri. Mtsikanayo anakhala pansi, anatseka kalata ija, n'kutsegula tsamba la maulendo. Anapeza dzina la bambo ake, anapeza tsiku, anayerekeza nthawi yotuluka ndi yobwera kawiri konse, ngati kuti pena angapezepo mphindi yotsala. Pa mpata wa mphindi zochedwa analemba ziro.